Chimkuzamawu Walankhula

"Paja ku koleji ankakutcha Chimkuzamawu," anatero bwana, akupatsa pepala mtsikana wa mu ofesi mwake. "Tuluka ukawawerengere. Iwe akakumvera."

Panja pa ofesi yopereka ngongole kwa ophunzira panali khamu la ophunzira ochita zionetsero, likuimba nyimbo imene mtsikanayo anapeka zaka zinayi zapitazo. Tsopano anali kalaliki mu ofesi yomweyi, ndipo ngongole yake ankamudula mwezi ndi mwezi malipiro asanawaone n'komwe. Pa fomu ya ngongoleyo panali chidindo cha chala cha mayi ake, nyumba yawo ili chikole.

"Bwana, mutume wina chonde."

"Palibe vuto. Fomu ya mayi ako ili m'kabati umu."

Mtsikanayo anatuluka n'kuima pakhonde, pepala lili m'manja. Asanaganize, pakamwa panatuluka mawu akale aja: "Anzanga, muli pompo?"

"Tili pompo!"

Khamu linalumpha. Mng'ono wake, amene anali kutsogolo atanyamula chikwangwani, anafuula misozi ili mbwembwembwe: "Achemwali abwerera!"

Chimkuzamawu anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anawerenga, mawu ake akumveka mpaka kumsewu, kuti aliyense wopezeka pamenepo pakatha mphindi khumi aiwale za ngongole ya chaka chamawa.

Monga kale, onse anamumvera.