Mawu Amene a Cornelius Anachedwa Kunena

Panali munthu wina mumzinda wa Lilongwe, dzina lawo a Cornelius Mbewe, mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale ku Area 47. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona.

Ntchito ankaidziwa, koma lilime lawo linali lakuthwa ngati lumo. Mwana akalakwitsa, ankamuchititsa manyazi pagulu. Akakhoza, ankangoti duu.

Mphunzitsi mnzawo, mayi Eveless, ankawalangiza. "A Mbewe, mwana muziyamba mwamuuza pomwe wakhoza, kenako mumuonetse pofunika kukonza. Mukamangodzudzula, amafooka."

"Kuyamikira mwana n'kumuwononga," ankayankha a Cornelius. "Ife tinaphunzira ndi chikwapu. Tinafa?"

Mu Folomu 3 munali mtsikana wina, Sumayya, mwana wa telala wa ku Area 2. Ankafunitsitsa kudzakhala mtolankhani. Tsiku lina analemba chimangirizo chonena za moto womwe unawotcha mashopu kwawoko. A Cornelius atachiwerenga mu ofesi, anagwira pakamwa. Chiyambire kuphunzitsa anali asanaone mwana wolemba chotero. Koma mumtima anati, "Ndikamuuza, ayamba matama."

Analowa nacho m'kalasi n'kuwerenga mokweza zolakwika zokhazokha. Ana onse anafa ndi phwete.

"Iwe, mtolankhani?" anatero a Cornelius. "Chingerezi chake chomwechi? Usatitayitse nthawi."

Sumayya anagwetsa nkhope. Kuyambira tsikulo sanakwezenso dzanja. Teremu yotsatira pampando pake panalibe munthu, ndipo a Cornelius sanafunse n'komwe.

Zaka zinapita. Anapuma pantchito, akazi awo anamwalira, ndipo anakakhala m'kanyumba kakuseri kwa nyumba ya mphwawo ku Area 43. Kumeneko ndi mipanda italiitali ndi mageti otseka. Mphwawoyo ankatuluka m'mawa pagalimoto n'kubwera atatopa. Foni ya a Cornelius inkatha masabata osalira. Ankangomva kuti ophunzira akale amakawatenga mayi Eveless kupita nawo ku maukwati awo. Kwa iwo sikunabwerepo ngakhale mmodzi.

Tsiku lina jekete yawo inang'ambika, ndiye anapita nayo ku Area 2 kukasoketsa. Mayi amene anali pa makina anawayang'anitsitsa.

"Muli bwanji, aphunzitsi? Ndine Sumayya. Munandiphunzitsa Folomu 3."

A Cornelius anasangalala kwambiri. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanawatchule kuti aphunzitsi.

"Sumayya! Wa chimangirizo cha moto uja? Mwana iwe unkalemba! Pa ana onse amene ndinaphunzitsa, panalibe wokuposa. Unathera kuti?"

Makina anaima.

"Mukuti bwanji, aphunzitsi?"

"Ndikuti unali katswiri. Ndinkangokukhwimitsa kuti upite patali."

Sumayya anatsitsira maso pa jekete.

"Tsiku lija nditafika kunyumba ndinawauza bambo kuti mutu wanga si wa sukulu," anatero motsitsa mawu. "Bambo anakana, amayi analira. Ine ndinati, aphunzitsi anena, ndipo iwo ndiwo amadziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukhulupirira inu."

"Mwanawe, ine sindimadziwa kuti..."

"Mukanangonena mawu amodzi okha tsiku lomwe lija. Lero ndipita nawo kuti?"

Anamaliza kusoka, n'kuwapatsa jekete ndi manja awiri. Sanakalipe, sanalire. Anangoitana munthu wotsatira.

A Cornelius anakwera minibasi, n'kutsika, n'kuyenda wapansi mpaka pa geti. Mlonda atawapatsa moni, sanamve n'komwe. Analowa m'kanyumba kawo n'kukhala pabedi, jekete ili pamiyendo. Ankafuna wina woti amuuze zimene zachitika, koma panalibe aliyense.

Phunziro: Mwana amakhulupirira zimene wamkulu wanena za iye. Mukamakonza zolakwa zake, muuzeninso pomwe wakhoza, ndipo muuzeni lero lomwe, chifukwa mawu abwino akachedwa sathandizanso. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa mphunzitsi kapena kholo lililonse lomwe mukulidziwa.