Zilembo Ziwiri Zimene Mpeni Unadya

Panali munthu wina wa ku Ndunde, dzina lake Denis. Amene analipo akuti izi zinachitikadi mu 2006.

Denis anaphunzira za kompyuta ku Limbe n'kukhazikika komweko. Mayi ake atadwala miyezi isanu ndi iwiri, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa anali mchemwali wake Bibiana yekha. Denis ankangotumiza uthenga kuti, "Ndibwera Loweruka." Loweruka lakelo silinafike. Anatulukira tsiku la maliro, bokosi atakhoma kale.

Kuchokera tsiku limenelo Bibiana anasiya kumuitana kuti achimwene. Ankangoti "wa ku Limbe uja." Mawuwa ankamufukusa Denis mumtima ngati anankafumbwe m'chimanga.

Patatha chaka abale anamanga chiliza, n'kupangana tsiku loti wansembe adzadalitse. Denis anaona kuti mpata wokonza dzina lake ndi umenewu.

"Achemwali, makadi achikumbutso ndipanga ndine. Aliyense adzatenge nkhope ya amayi kunyumba kwake."

"Pangani," anatero Bibiana, maso ali panyemba zimene ankasankha.

Denis anakhala pakompyuta masiku atatu. Anaika chithunzi cha mayi ake atavala nsalu ya amayi a kutchalitchi. Pansi pake analemba SITIDZAKUIWALANI AMAYI, n'kuika kaduwa kumapeto. Mawuwo anawatambasula kuyambira m'mphepete mwenimweni kumanzere mpaka m'mphepete kumanja, kuti ngakhale nkhalamba ziwerenge. Anasunga ntchitoyo mufulashi n'kupita nayo kukampani ina yosindikiza.

Kumeneko anapeza a Francisko, bambo wa imvi amene anakalambira pantchito yosindikiza. Atatsegula khadilo pakompyuta, anapukusa mutu.

"Ndagi," anatero a Francisko, poyamba mwambi woti Denis aumasulire.

"Gize," anayankha Denis mosafuna.

"Ng'ombe yanga imadya m'malire mokha, pakati pamunda siifika."

"Bambo, ine ndabwera kudzasindikiza makadi, osati kudzacheza."

"Ndi mpeni wa makina athu, mwana wanga. Tikasindikiza timaunjika makadi n'kudula m'mbali monse. Chili m'mphepete chimapita. Kokerani mawuwa mkati, musiye mpata. Mawa mubwere mudzaone chitsanzo chimodzi tisanasindikize onse."

Denis anaseka. "Inu munaphunzira nthawi ya taipi. Ine ndili ndi satifiketi. Musasunthe kanthu, ngakhale kadontho."

"Nanga chitsanzo chija?"

"Nthawi ndilibe. Sindikizani basi."

A Francisko anamupatsa pepala kuti asaine zimene wanenazo, ndipo anasaina mosangalala. Tsiku lodula iwo anatumidwa kwina. Amene anali pamakina anadula monga mwa muyeso, n'kukulunga makadiwo m'pepala.

Denis anatenga phukusilo m'mawa wa tsiku la mwambo, osalitsegula. Paminibasi yonse anali atalifungatira ngati khanda. M'maganizo mwake ankamva kale Bibiana akuti, "Achimwene, mwatichotsa manyazi."

Anafika kumanda kwaya ikuimba. Wansembe atawaza madzi odalitsa, Denis anang'amba pepala lija n'kuyamba kugawa makadi, kumanja ndi kumanzere, akumwetulira. Anthu ankalandira ndi manja awiri. Kenako manong'onong'o anayamba kumbuyo, n'kumabwera kutsogolo ngati mphepo m'chimanga chouma.

Amalume ake a Denis, amene maso awo anali atafooka, anapatsa khadi lawo mayi wina woimba kwaya. "Tandiwerengerani, mwina ndi maso angawa."

Mayiyo anawerenga motsitsa, koma manda onse anamva: "Tidzakuiwalani amayi."

Denis anayang'ana khadi limene linatsala m'manja mwake. Kumanja mpeni unadya kaduwa. Kumanzere unadya SI. Zilembo ziwiri zokha, zochepa ngati nyerere, koma ndi zimene zinasenza lonjezo lonse. Pamwamba pa mawuwo mayi ake ankangomwetulira.

"Ndi makina," anatero Denis. "Achemwali, ndi makina alakwitsa."

"Makinawo ndi achilungamo," anayankha Bibiana. "Anena zimene inu munachita kale."

Sanalire, sanakalipe. Anapempha bolopeni kwa akatekisiti, n'kukhala pansi pambali pa chiliza. Anthu anam'bweretsera makadi awo mmodzimmodzi, ndipo pa lililonse ankalemba SI ndi dzanja, pamwamba pa T, popeza kumanzere kunalibe malo. Dzuwa linafika pamutu iye akulembabe. Denis anaima chapatali, ndipo palibe anamuuza kuti akhale.

Atamaliza, Bibiana anatsala ndi khadi limodzi limene sanalilembe. Anaimirira, anasasa fumbi pansalu yake, n'kukaliika m'dzanja la Denis.

"Ili ndi lanu, bambo a ku Limbe. Lili bwino momwemo."

Akuti khadilo akadali nalo mpaka lero, ndipo liwu loti achimwene sanalimvenso pakamwa pa Bibiana.

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuuza kuti siya mpata m'mphepete, siya. Akakuuza kuti bwera udzaone chitsanzo, pita. Ndipo mayi ako akadwala, Loweruka lako lifike iwo akadali ndi maso, chifukwa khadi silisambitsa wodwala. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatseni wina amene amati zonse amadziwa, ndi wina amene akungoti adzapita kumudzi.