Foni Inalira kwa Thandie

Foni inalira m'chikwama cha Thandie, osati cha Veronica.

Onse awiri anali ataima pageti la chipatala, poti ku wodi ya korona salola munthu kulowa. Veronica, mkazi wa a Feston wa ukwati wa kutchalitchi, anachita kulawirira kuchokera ku Ndirande ndi fulasiki ya phala. Thandie, kachibwenzi kawo ka ku Chirimba, kanabwera chimanjamanja, masiki ili pachibwano kuti milomo yofiirayo ioneke. Koma tsiku logonekedwa, a Feston anapatsa manesi nambala ya kameneko. Amuna ndi choncho.

Thandie anamvetsera pang'ono, kenaka anatambasula dzanja. "Akuti akufuna akazi awo."

"Lero ndiye mwandidziwa? Yankhani, nambala ndi yanu."

Thandie anatsegula sipika. Nesi anati chifuwa chija chinayamba kupepuka ndithu, koma matendawa anaundanitsa magazi m'mitsempha, mtima n'kuima m'mawa womwewo. Wachibale abwere adzasaine.

Thandie anadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma. Veronica anangomuyang'ana, maso ali gwa, ngati akuonera ngozi ya eni ake.

"Inu lirani," anatero. "Ine ndikasaine."