Bokosi Lofiira pa Kabati

Luyando anali atakolopa pabalaza kawiri pamene analiona bokosilo. Linali pamwamba pa kabati ya mbale, malo amene maso a mlendo amayamba kugwera akangolowa.

Linali lofiira, lalitali ngati mkono, lotengera mabokosi akale oponyamo makalata. Thupi lake linali chitini cha mafuta ophikira chokutidwa ndi katoni. Denga lake linapendekera kumanzere. Kakamwa ka makalata kanadulidwa mokhota, penti inayenderera n'kuumira m'njira, ndipo pa mawu akuti POSITI chilembo chomaliza chinasowa malo, chinachita kukwera pamwamba pa chinzake.

Anatembenukira atate ake. Ba Kasoma anali pampando wawo pafupi ndi zenera, dzanja lamanja lili gone pantchafu. Ananyamula makalata panjinga kwa zaka zambiri, mpaka sitiroko inawagwira lilime ndi mbali imodzi. Kuchipatala anawauza kuti zala zisamakhale chabe. Kuyambira pamenepo, Luyando akabwera kuchokera ku Kabwe kumene ankagwira ntchito, ankapeza chatsopano: nkhuku ya waya, minibasi ya katoni yopanda tayala limodzi. Ankayamikira, kenaka n'kukaziika kuchipinda.

Koma lero silinali tsiku la zidole. Ba Nkandu, amayi a Chrispin, mnyamata amene ankafuna kumukwatira, ankabwera koyamba kudzaona kwawo. Luyando anafikako kamodzi kunyumba kwawo ku Woodlands, dera la anthu olemera. Anaona zithunzi za m'mafelemu, makapu ofanana onse, pansi powala mpaka kuopa kupondapo. Kuno ku komboni ya George galimoto yawo idzayamba yasambira m'zithaphwi, idzaima pafupi ndi bala ya mowa ya aneba, mwini wake n'kudzakhala pa sofa yobisidwa mabala ndi chitenje. Zonsezo anali atazivomera. Bokosi lokha ndilo linamukanika kumeza.

Anakwera pa situlo kuti alitsitse.

“I... iyayi!” Ba Kasoma anagogoda pansi ndi ndodo. Milomo yawo inalimbana ndi mawu. “Ba... ba...”

“Atate, nizabweza alendo akapita. Lelo chabe.”

Ndodo inagogodanso, mwamphamvu. Panja hutala ya galimoto inalira. Luyando anatola nsalu ya pathebulo, analifunditsa bokosilo, natsika msanga.

Ba Nkandu analowa okha, Chrispin atatsala panja kufuna poimika galimoto pouma. Anali mayi wamtali, wa magalasi okhuthala ndi ndolo zagolide. Luyando anagwada, anawomba m'manja, nawapatsa moni. Iwo anapita kwa Ba Kasoma n'kuwagwira dzanja lodwalalo ndi manja awiri.

Atakhala pansi, maso awo anayamba kuyenda. Anaona pathebulo, pa wailesi yakanema, pazenera, pakona. Luyando anawathirira tiyi. Akuwerenga umphawi wathu, anatero mumtima. Akuona denga lothimbirira, akuona makapu osiyana.

Kenaka anamva nsalu ikukwekwereza. Atate ake anali atadzikoka mpaka pa kabati, akola nsaluyo ndi nsonga ya ndodo. Inagwa pansi. Bokosi linaima poyera, lofiira kuposa kale, denga lili chipendekere. Ba Kasoma analiloza, naloza mlendoyo, nkhope yawo ikuwala mbali imene inkatha kumwetulira.

Ba Nkandu analiyang'ana nthawi yaitali. Kuyang'ana kumeneko ndiko kunamugwetsa Luyando. Akanatha kutseka pakamwa, koma manyazi anamutsegula.

“Mutikhululukile, amayi,” anatero akuseka kuseka kouma. “Ni vinthu va atate ivi. Kuchokela pamene anadwala, amapanga chabe vilivonse. Manja yao siyagwila bwino, na mutu nthawi zina... mwaziba mwekha.”

Ba Kasoma anatsitsa ndodo pang'onopang'ono.

“Sichinakukondweletse?” anafunsa Ba Nkandu, maso akadali pabokosi.

“Awe, amayi! Onani chabe mwamene chinapendamila. Penti monga yapakiwa na mwana wa giledi wani. Nenze kufuna kuchitaya ku bini mukalibe kufika, koma anakana. Ise sitili so, amayi. Ine nyumba yanga sizankhala na vinyalala.”

Mawuwo atatuluka, anayang'ana atate ake. Kumwetulira kunali kutachoka. Anabwerera kumpando wawo akukoka mwendo, nakhala choyang'ana kunja. Munthu ameneyu ndiye ankamukweza Luyando panjinga kupita naye kusukulu, thumba la makalata lili kumbuyo, ndipo iye wamugulitsa chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi. Anadzilimbitsa mtima. Adzapepesa madzulo. Chachikulu n'chakuti apongozi adziwe kuti iye ndi mkazi wodziwa zinthu zabwino.

Chrispin analowa akupukuta matope ku nsapato. Anaona amayi ake ataimirira pa kabati, akuyesa kuwongola denga la bokosilo ndi chala. Anaona Luyando ali chigwadire ndi thireyi. Anatsegula pakamwa, koma Ba Nkandu anakweza dzanja.

“Atate ako sanapange ichi, mwana wanga,” anatero mofatsa. “Chrispin ananiuza kuti anali a positi, ndiye ninamutuma nacho sabata yatha. Ninapanga ndine. Nenze nikalibe kupangilapo munthu chinthu na manja yanga.”