Sopo wa Kampani

"Lachiwiri langa lija lili kuti, bwana?" Fermina anafunsa asanakhale n'komwe. "Munalonjeza kuti tsiku limeneli ndizilowa masana. Kapena lonjezo lanu lavunda ngati nsomba?"

A Baldeón, oyang'anira antchito pafakitale ya nsomba zam'zitini ku Callao, anausa moyo. Nkhaniyi ankaidziwa. Kuphiri kumene Fermina amakhala ndi ana ake kulibe mpopi, ndipo galimoto yogulitsa madzi imafika Lachiwiri m'mawa basi. Akaidikira, kuntchito amamudula malipiro. Akapanda kuidikira, amamubweza pageti chifukwa yunifolomu yada.

"Akuluakulu amva chisoni kwambiri, mayi," anatero a Baldeón. "Zolowa masanazo akana. Koma taonani zimene akutumizirani nonse akuphiri."

Anatulutsa katoni ya sopo yomanga ndi kansalu kofiira.

Fermina anatenga mmodzi n'kumununkhiza. "Wabwino ndithu. Ndiye ndizichapira malovu?"

"Muziyamikako, mayi."

"Ndayamika," anatero, n'kutuluka.

Pasanapite nthawi, mlonda anabwera kudzaitana a Baldeón. Iwo anakapeza Fermina atagwada pakapinga wa kutsogolo kwa ofesi, atakoka paipi yothirira maluwa, akuchapa yunifolomu yake. Amayi ena anali atafola kale kumbuyo kwake, aliyense sopo wake m'manja.

"Uku n'kuba madzi a kampani," anatero a Baldeón.

Fermina sanadzutse n'komwe mutu.

"Kapingayu amamwa tsiku lililonse, bwana, koma sanatumbulepo nsomba ngakhale imodzi. Tasunthani, mwaponda paipi."