Ndimadziwa ndi Mapuleti Otentha

Panali mkulu wina wosula mipeni, anthu ankangomutchula kuti Ndimadziwa, chifukwa ukati umuuze kanthu, yankho lake linali lomwelo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume ake, koma atangogula ng'anjo yakeyake yamagetsi, basi matama anamukwera. Mpeni uliwonse ankaudinda dzina lake, zilembo zake zikuluzikulu ngati chikwangwani cha sitolo.

Chitsulo chimene ankasuliracho sichiviikidwa m'madzi. Mpeni ukatuluka m'ng'anjo uli psuu, amaupana pakati pa mapuleti awiri okhuthala a aluminiyamu kuti ayamwe motowo msangamsanga, ndipamene umakhwima. Koma mapuletiwo azikhala ozizira. Akafunda umawaviika m'madzi, kuwapukuta bwinobwino, kenako n'kupitiriza.

Tsiku lina mwini butchala yaikulu anaitanitsa mipeni khumi ndi iwiri, n'kulonjeza kuti ikakhala yabwino auzanso anzake onse a mabutchala. Ndimadziwa anangoti apa ndiye ndatchuka.

Amalume anamupeza akupana mpeni wachitatu. Anakhudza puleti, n'kubweza dzanja msanga.

"Mphwanga, mapuletiwa atentha. Aziziritse kaye, apo ayi mipeni yotsalayi ituluka yofewa."

"Ndimadziwa, amalume. Zimenezo n'zachikale, zimangochedwetsa munthu."

Anapana yonse motsatizana, chidebe cha madzi chili pomwepo pamapazi pake. Mawa lake amalume anapempha kuti ayese ndi tupa, paja mpeni wokhwima tupa imangoterereka. Iye anawapatsa woyamba uja, unali bwinodi. Atafunsa womaliza, anati wamanga kale katundu, alibe nthawi. Mumtima ankakayika ndithu, koma kuvomera kuti nkhalamba yanena zoona kunamukulira. Uchitsiru wake unali pamenepo.

Loweruka anakapereka mipeniyo kubutchala, anthu ali pamzere kugula nyama. Woyamba unadula bwino, wachiwirinso chimodzimodzi, Ndimadziwa akungomwetulira. Mwini butchala atatenga wina n'kungokhudza fupa, kukamwa kwa mpeni kunapindika ngati chivundikiro cha chitini. Anatenganso wina, zomwezo. Winanso, zomwezo.

"Achimwene, mwandibweretsera mipeni kapena masupuni?"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ndimadziwa anayamba kunamizira ogulitsa chitsulo, mwini butchala n'kumufunsa ngati iwiri yoyambayo inachokera ku chitsulo china.

Anzake a mabutchala anauzidwadi, koma osati zimene Ndimadziwa ankafuna. Mpeni umodzi mwini butchala anaukhomera pathabwa pakhomo, dzina lija likuyang'ana kumsewu, kuti makasitomala azipalira matope kunsapato nthawi ya mvula. Akuti amalume akapita kukagula nyama, nawonso amaima pamenepo n'kupala nsapato zonse ziwiri, mosathamanga.

Phunziro: Amene anakuphunzitsa ntchito akakuuza kuti ima kaye, ima. Kuziziritsa mapuleti n'kwa mphindi zochepa, koma dzina likafewa silibwereranso m'ng'anjo. Tumizirani onse amene pakamwa pawo sipachoka mawu oti "ndimadziwa".