Mkanjo Watsekeredwa M'makina

"Tsegula chitsekochi, Dinala!" anakuwa Che Swadick, akulimbana ndi makina ochapira omwe anabwera nawo kuchokera ku Joni.

Mkazi wawoyo sanadzuke pomwe ankasankha mpunga. "Si inu munalamula kuti mkazi asawakhudze? Paja manja angawa ndi ochapira kunyanja."

Linali Lachisanu, ndipo mkanjo wawo woyera, umodzi wokhawo, unkazungulira m'katimo. Pofuna kupulumutsa magetsi, bambowo anasankha pochapa ndi madzi ozizira, osadziwa kuti pamenepo makinawo amachapa nthawi yaitali. Tsopano manambala ofiira ankaonetsa kuti kwatsala maola awiri, pomwe nthawi ya swala, mapemphero a kumzikiti, inali itayandikira. Chitseko chinali chitadzikhoma chokha.

"Wallahi, ndiwaphwanya amenewa!"

"Phwanyani. Ndi anu."

Kumzikiti kutamveka kuitana, Che Swadick anavala malaya omwe anali nawo dzulo lake kokagula usipa ku Nkhudzi. Anatuluka akung'ung'udza, fungo likuwatsata pambuyo.

Dinala anadikira mpaka geti litatsekeka. Kenako anapukuta manja pachitenje, anaimitsa makinawo, n'kuzunguliza kabatani kufika pochapa mwachangu ndi madzi ofunda, monga ankachitira nthawi zonse mwamunayo akachoka.

Patangotha mphindi khumi ndi zisanu, chitseko chinatseguka. Dzuwa la ku Mangochi silinachedwe kuumitsa mkanjowo. Dinala anausiya dala pachingwe cha kumaso kwa nyumba, uli mbee, kuti mwini wake akamabwera ndi anzake auonere patali.